MTIMA NDI IMPSO ZA GALU, MPHAKA NDI KAVALO

Ana inu, mukadwala mumathamangira kwa amai anu kukawauza kuti mutu ukuwawa kapena kuti m'mimba mukupota. Akapita nanu ku cipatala, adotolo amayamba ndi mafunso, ndipo mayankho anu ndiwo amawalozera kumene kuli matenda. Tsono taganizani za dotolo wa ziweto. Wodwala wake salankhula. Galu angathe kukhala ndi nthenda ya mtima caka cathunthu uku akugwedezabe mcira ndi kupirikitsa nkhuku monga mwa masiku onse. Mphaka ndiye katswiri pa kubisa. Akamva kuwawa amangopita kuseri kwa nkhokwe nakagona phee, ndipo mwini wake amayesa ndi ulesi cabe. Pofika tsiku limene aliyense aona kuti ciweto cadwala, kawirikawiri matenda amakhala atapita patali.

Nkhani yathu ya lero ndi ya anthu amene atha zaka zambiri m'masukulu a ukacenjede kufunafuna njira zofunsira nyama zosalankhulazi, makamaka za ziwalo ziwiri, mtima ndi impso. Mudzaona kuti njira yao yaikulu ndi yomwe ija mumaphunzira pa nthawi ya masamu, ndiyo kuwerenga, kupima ndi kulemba zimene mwapeza.

Tiyambe ndi inu nomwe. Ikani zala ziwiri pa mkono wanu, m'munsi mwa cala cacikulu, ndipo mukamva kugunda muwerenge kwa mphindi imodzi, aphunzitsi akuyang'ana pa wochi. Ambiri a inu mupeza nambala ya pakati pa 70 ndi 110. Mtima wa mphaka umathamanga koposa, pakati pa 140 ndi 220. Wa galu uli pakati pa 60 ndi 140, malinga ndi msinkhu wa galuyo. Koma kavalo, nyama yaikulu ija, akakhala cilili pa mthunzi mtima wake umagunda pakati pa 28 ndi 44 basi. Mtimawo umalemera makilogalamu anai, ndipo ukagunda kamodzi umakankha magazi pafupifupi lita yathunthu. Cotero suona cifukwa cofulumirira. Kavalo yemweyo akayamba liwiro la mpikisano, kugunda kumapitirira 200.

Mtima ndi thumba la mnofu la zipinda zinai. Pa makomo a zipindazo pali tizitseko totseguka mbali imodzi yokha, kuti magazi apite kutsogolo osabwerera. Dotolo wa ku London, William Harvey, ndiye anaonetsa m'caka ca 1628 kuti magazi amazungulira thupi lonse ndi kubwerera ku mtima, ndipo anafika pa mfundoyi atayang'ana mitima ya nyama zamitundumitundu.

Impso mwaziona pamene mbuzi iphedwa pamudzi. Zimakhala ziwiri, zooneka ngati nyemba zikuluzikulu, zobisika m'mafuta kufupi ndi msana. M'kati mwake muli timasefa ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Impso imodzi ya munthu ili nato pafupifupi 1,000,000, ya galu 400,000, ya mphaka 200,000. Magazi akamadutsa, timasefati timacotsa zoipa ndi madzi, kenaka timabwezera m'magazi pafupifupi madzi onse pamodzi ndi zonse zofunika. Impso za munthu wamkulu zimasefa madzi okwana malita 180 pa tsiku, pang'ono kudzaza mgolo uja wa malita 210, komatu mkodzo umene umatuluka ndi lita imodzi ndi theka cabe. Cimene muyenera kusunga m'mutu ndi ici: kasefa kakafa, kena sikamera m'malo mwake.

Munthu woyamba kupima mphamvu imene mtima umakankhira magazi sanali dotolo ai. Anali mbusa wa mpingo ku Teddington, kufupi ndi London, dzina lake Stephen Hales, ndipo zimene anapeza anazisindikiza m'caka ca 1733. Anamanga kavalo wamkazi namgoneka pansi, anaboola mtsempha wa m'nchafu, nalowetsamo kapaipi ka mkuwa kolumikiza ku paipi yaitali ya galasi yoimirira cilili. Atamasula mtsemphawo, magazi anakwera m'galasimo mafiti 8 ndi mainchi 3, ndiwo mamita awiri ndi theka, kupitirira citseko ca kalasi lanu, ndipo anali kukwera ndi kutsika pang'ono pa kugunda kulikonse. Sindikubisirani, kavaloyo anazunzika, pakuti masiku amenewo kunalibe mankhwala ogonetsa. Lero wofufuza sangaloledwe kucita zotere, ndipo aliyense wofuna kuyesa kanthu pa nyama amayamba wapempha cilolezo kwa kabungwe koona kuti nyamayo isavutike pacabe. Koma lamba uja amamanga anamwino pa mkono wa agogo anu akupima zomwezo zimene mbusa uja anaona m'galasi.

M'caka ca 1861 anthu awiri a ku France, dotolo wa ziweto Auguste Chauveau ndi mnzake Étienne-Jules Marey, analowetsa timapaipi tofewa m'mitsempha ya pakhosi pa kavalo mpaka kufika m'zipinda za mtima, kavaloyo ali cilili, ndipo analemba pa pepala m'mene cipinda ciliconse cimafinyira. Kenaka kunabwera galu wina wochuka, dzina lake Jimmie. Mbuye wake, Augustus Waller, ndiye anayamba kujambula timagetsi ta mtima wa munthu m'caka ca 1887. Pofuna kuonetsa nzeruyi kwa akatswiri anzake ku London m'caka ca 1909, anaimika Jimmie miyendo ili m'mabotolo a madzi a mcere olumikizidwa ku makina ndi mawaya. Nkhani inafika mpaka ku nyumba ya malamulo, phungu wina atafunsa ngati imeneyi si nkhanza. Nduna inayankha kuti galuyo sanamve coipa ciliconse coposa cimene amamva munthu wopondaponda m'madzi a m'nyanja ya mcere. Mizere yokhotakhota ija imene makina amalemba pa pepala m'zipatala zathu inayambira kumeneko.

Nanga bwanji tikuchula mtima ndi impso pamodzi, conseco zili kutalikutali m'thupi? Yankho lina linacokera kwa agalu. M'caka ca 1934 Harry Goldblatt, wa ku Cleveland ku America, anapana pang'ono mitsempha yopititsa magazi ku impso za agalu, ndipo anaona kuti mphamvu ya magazi m'thupi lonse inakwera nikhala yokwera. Impso ikamalandira magazi ocepa imatulutsa mankhwala ake olamula mitsempha kuti ifinyike ndi thupi kuti lisunge mcere ndi madzi. Pamenepo mtima umagwira nchito ya kalavulagaga. Mtimanso ukafooka, impso zimasowa magazi nizionongeka. Ziwalozi zili ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi, ina ikatsimphina inzake imatopa msanga.

Tsopano tikhale kanthawi pa mphaka, pakuti pa ziweto zonse iye ndiye amavutika kwambiri ndi impso. Pa amphaka khumi opitirira zaka khumi, atatu kapena anai amapezeka ndi impso zofooka. Makolo a mphaka anali nyama za m'maiko ouma, ndiye cifukwa cake mphaka wabwinobwino amamwa madzi pang'ono ndi kukodza mkodzo wocepa wa fungo lamphamvu. Timasefa tikayamba kufa, totsala timasenza katundu wa tinzao, ndipo timacita bwino kotero kuti palibe amene amazindikira kanthu. Tikafa tiwiri pa titatu tiliconse, impso zimalephera kubweza madzi. Mphaka amayamba kukodza kwambiri ndi kumwa kosalekeza, amaonda, ubweya umanyankhalala, ndipo m'kamwa mumanunkha.

Kwa zaka zambiri adotolo anali kudalira kupima cinthu cina ca m'magazi cochedwa creatinine, ndico zinyalala zocokera m'minofu zimene impso zimataya. Bvuto lake ndi lakuti creatinine amakwera moonekera pamene timasefa titatu pa tinai tafa kale. Zili ngati mlonda amene amakuwa mbala zitatuluka kale ndi ng'ombe. Ofufuza a ku Oregon State University anali ndi magazi osungidwa a amphaka amene anapimidwa kawirikawiri kwa zaka zambiri. Anabwerera ku magazi akale a amphaka amene pambuyo pake anadwala impso, ndipo m'caka ca 2014 analengeza kuti cinthu cina cochedwa SDMA cimakwera msanga, pafupifupi miyezi 17 creatinine asanakwere. Kwa nyama imene moyo wake wonse ndi zaka 15 kapena kuposerapo pang'ono, miyezi 17 si yocepa.

Koma kudziwa msanga kungathandize ciani ngati timasefa takufa sitibwerera? Apa mpamene cakudya cimalowa. Impso zofooka zimalephera kutaya mcere wina wochedwa phosphorus, umene umapezeka wambiri m'nyama ndi m'mafupa, ndipo ukacuruka m'magazi umapitiriza kuononga impsozo. Jonathan Elliott ndi anzake ku Royal Veterinary College, ku London, anatsatira amphaka 50 odwala impso. Amphaka 29 anadya cakudya capadera cocepa phosphorus, ndipo 21 anapitiriza kudya zao zakale. Zotsatira zinatuluka m'caka ca 2000. Mphaka wa pakatikati m'gulu loyamba anakhala ndi moyo masiku 633, wa m'gulu laciwiri masiku 264. Cotsani nokha m'makope mwanu, muone ngati kusiyanako sikupitirira caka.

Wophunzira wocenjera afunse funso pano, ndipo ofufuza eni ake analifunsa. Amphaka 21 aja anali amene anakana cakudya catsopano, kapena amene ambuye ao sanacifune. Kodi mwina anakana cifukwa anali odwalitsa kale? Ngati ndi tero, imfa yao yamsanga siingatiuze zambiri za cakudya. Cotero ku University of Minnesota anabwereza kafukufukuyu mwa njira yokhwima. Amphaka 45 anawagawa mwa maere, ndipo ngakhale eni ake ngakhale adotolo opima sanadziwe kuti mphaka uyu akudya cakudya citi. Zimene analengeza m'caka ca 2006 ndi izi: pa zaka ziwiri, mwa amphaka 23 a cakudya wamba anafa 5 ndi impso, koma mwa 22 a cakudya capadera sanafe ndi mmodzi yemwe cifukwa ca impso. Kwa ine, kubwereza kumeneku ndiko kokoma koposa m'nkhani yonseyi, pakuti anthu anali atapeza kale yankho lowakondweretsa koma anafuna kuliyesanso.

Goli lija limaonekanso pa mphaka. Mmodzi mwa amphaka asanu odwala impso amakhala ndi magazi othamanga mopitirira, ndipo ena a iwo amacita khungu mwadzidzidzi, timitsempha ta m'maso titaphulika. Lero adotolo amamanga kalamba kakang'ono pa mwendo kapena pa mcira wa mphaka ndi kupima cimene Hales anapima, koma popanda kukhetsa dontho la magazi.

Nthawi zina impso sizifa pang'onopang'ono koma zimaima mwa masiku owerengeka. M'caka ca 2007 agalu ndi amphaka ambirimbiri ku America ndi ku Canada anadwala impso nthawi imodzi, ndipo ambiri anafa. Anapeza kuti ufa wina wopangira zakudya zao, wocokera ku China, unali wothiridwa melamine, cinthu copangira mbale za pulasitiki, kuti uoneke ngati wopatsa thanzi kwambiri. Cinadabwitsa akatswiri ncakuti melamine payekha si poizoni woopsa. Ofufuza a ku University of California, ku Davis, anaonetsa kuti melamine akakumana ndi mnzake wochedwa cyanuric acid, amene analinso mu ufawo, amapanga timiyala totseka timasefa ta impso. Caka cotsatira, 2008, melamine anapezeka mu mkaka wa makanda ku China. Ana pafupifupi 300,000 anadwala ndipo 6 anamwalira. Adotolo a anthu anawerenga mwacangu zimene anzao a ziweto anali atangolemba.

Ku Davis komweko kunacitika cinthu cina zaka 20 m'mbuyo mwake, cokhudza mtima. Masiku amenewo amphaka ambiri a m'mizinda ya ku America anali kufa ndi mtima wofutukuka, wa makoma opyapyala ngati thumba lakutha, wosatha kukankha magazi. Onse ankati nthendayi ilibe mankhwala. Dotolo wacinyamata, Paul Pion, anapima magazi a amphaka otere napeza kuti anali osowa cinthu cochedwa taurine. Galu ndi munthu amadzipangira taurine m'thupi mwao, koma mphaka satha kupanga wokwanira, ndipo ayenera kumpeza m'nyama ndi m'nsomba. Pion ndi anzake anayamba kuthira taurine m'cakudya ca odwalawo, ndipo patapita masabata owerengeka mitima ija inayamba kubwerera mwakale. Analengeza zimenezi m'caka ca 1987. Opanga zakudya za amphaka anaonjezera taurine, ndipo nthenda imene inkapha amphaka osawerengeka inasanduka yosowa. Inu amene muli ndi mphaka kwanu, mvetsani apa: mphaka sangakhale ndi nsima yokha. Mbewa zimene amagwira ku nkhokwe ndi mitu ya kapenta imene mumamponyera ndizo zimasunga mtima wake.

Nthenda ya mtima imene yatsala mwa amphaka ndi ina, ya makoma okhuthala mopitirira. Ofufuza a ku London atapima amphaka 780 ooneka athanzi, anaipeza mwa 15 pa 100 alionse. M'mitundu ina, monga Maine Coon, ndi ya kumtundu, ndipo m'caka ca 2005 anapeza cilema ceniceni cimene makolo amapatsira ana.

Kwa agalu, nthenda ya mtima yofala koposa ndi ya kacitseko ka mbali ya kumanzere. Galu akamakalamba, makamaka wa mtundu waung'ono, kacitsekoka kamakhuthala ndi kupindika, ndipo sikatsekanso bwino. Pa kugunda kulikonse magazi ena amabwerera m'mbuyo, ndipo dotolo akamvetsera pa cifuwa amamva kaphokoso konga mphepo yolowa pa mng'alu wa citseko. Mtima umakula pofuna kulipira magazi otayikawo. Galu amaoneka bwinobwino kwa zaka, mpaka tsiku lina madzi adzaza m'mapapo, nayamba kupuma mobanika. Mtundu wina wa tiagalu ta ku England, Cavalier King Charles Spaniel, umadwala nthendayi msanga, ndipo ambiri a iwo amakhala nayo pofika zaka khumi.

Panali mankhwala ochedwa pimobendan, amene anadziwika kale kuti amathandiza galu amene wayamba kubanika. Funso linali lakuti, nanga galu amene mtima wake wakula koma sanayambe kuonetsa kudwala, timpatse mankhwala kapena tidikire? Musayese funsoli ndi lapafupi. Mankhwala ndi ndalama, ndiponso mankhwala okakamiza mtima angathe kuutopetsa msanga. Dotolo mmodzi sangayankhe ndi agalu a pa cipatala cake cokha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Cotero Adrian Boswood wa ku Royal Veterinary College ndi anzake anagwirizanitsa zipatala 36 m'maiko 11, nasonkhanitsa agalu 360. Mwa maere, theka linalandira pimobendan, theka lina mapiritsi ofanana nawo maonekedwe koma opanda mankhwala m'kati. Eni agalu sanadziwe, adotolo opima sanadziwenso. Mungafunse kuti kubisirana kotereku nkwa ciani. Cifukwa cake ncakuti munthu wokonda galu wake akadziwa kuti akumpatsa mankhwala enieni, maso ake amaona kucira ngakhale pamene palibe.

Anadikira zaka, akulemba tsiku limene galu aliyense wayamba kubanika kapena wafa ndi mtima. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ali pakati, kabungwe kapadera kololedwa kusuzumira m'mabuku kanaona kuti kusiyana kwakula kotero kuti sikukanakhala cilungamo kupitiriza kumana agalu ena mankhwala, ndipo kafukufuku anaimitsidwa nthawi yake isanakwane. Zotsatira zinasindikizidwa m'caka ca 2016. Galu wa pakatikati pa olandira mankhwala anatha masiku 1,228 asanabanike, wa mapiritsi opanda kanthu masiku 766. Kusiyana kwake ndi masiku 462. Gawani ndi 30, mupeza miyezi 15 ndi masiku otsalira.

Tibwerere kwa kavalo. Impso zake sizidwaladwala monga za mphaka, ndipo mukaona mkodzo wake uli mbuu ngati madzi otsukira mpunga musaope, pakuti kavalo amataya mcere wa mtundu wa njereza kudzera mu mkodzo. Za mtima wake ndiye anthu acita nazo cidwi kuyambira kale, cifukwa ca mipikisano. Kavalo wochuka wa ku Australia, Phar Lap, atafa m'caka ca 1932, mtima wake unalemera makilogalamu opitirira 6, ndipo ukusungidwa m'nyumba ya zinthu zakale ku Canberra. Mtima waukulu ndi wodekha uli ndi zacilendo zake. Kavalo wathanzi akapumula, mtima wake nthawi zina umalumpha kugunda kumodzi, ndipo ofufuza anapeza kuti imeneyi si nthenda, pakuti akangoyamba kuthamanga kulumphako kumatha. Nthenda yeniyeni ndi pamene zipinda zapamwamba zileka kufinya nizingonjenjemera. Kugunda kumasokonekera ngati ng'oma ya wophunzira kumene, ndipo kavalo amene dzulo anali patsogolo lero amatopa ali pakati pa bwalo. Mankhwala ake akale ndi quinidine, mbale wake wa kwinini uja wa malungo, wocokera ku khungwa la mtengo umodzimodzi. Zaka zoyambirira za m'ma 2000, ofufuza a ku Guelph, ku Canada, anakonza njira ina. Amalowetsa mawaya awiri m'mitsempha ya pakhosi mpaka ku mtima, amagonetsa kavalo, ndi kupatsa mtimawo magetsi amphamvu kuti uyambirenso bwino. Njira ya pakhosi ija ndi yomweyo anagwiritsa nchito Chauveau ndi Marey.

Ana a pa mafamu, sungani ici. Zakudya zina za nkhuku ndi ng'ombe za m'matumba zimakhala ndi mankhwala ochedwa monensin. Kwa nkhuku ndi othandiza, koma kwa kavalo ngakhale ocepa amaononga mnofu wa mtima mpaka kupha. Thumba la nkhuku lisafike m'khola la kavalo kapena la bulu.

Mwina mwakhala mukudzifunsa cifukwa cake akavalo ndi osowa kuno kwathu. Cifukwa cimodzi ndi kashembe, nchenche ija ena amati tsetse. Cina ndi mliri wa akavalo wa mu Africa, umene umafalitsidwa ndi tizilombo touluka tocepa kuposa udzudzu, toluma madzulo ndi m'mamawa. Mbidzi zimanyamula nthendayi osadwala, abulu amapirira, koma akavalo osatemera angathe kufa 9 pa 10. Mtundu umodzi wa nthendayi umagwira mtima. Madzi amadzaza m'thumba lokuta mtima, ndipo mutu umatupa, kuyambira pa maenje aja a pamwamba pa maso. Alimi a ku South Africa anaucha dikkop, kutanthauza mutu wotupa. Arnold Theiler, dotolo wa ziweto wocokera ku Switzerland, anagwira nchito yaikulu pa nthendayi, ndipo malo ofufuzira amene anatsegula ku Onderstepoort, kufupi ndi Pretoria, m'caka ca 1908, ndiwo anatulutsa katemera wake m'zaka za m'ma 1930. Oweta akavalo m'maiko athu ano amatemera caka ndi caka ndi kutsekera akavalo m'khola dzuwa lisanalowe.

Ku Onderstepoort komweko afufuza kwambiri nthenda imene ili pafupi ndi galu wanu kuposa zonse tachulazi, ndiyo malungo a nkhupakupa. Nkhupakupa ikaluma imasiya tizilombo tolowa m'magazi ndi kuwaswa, monga m'mene malungo amacitira kwa ife. Galu amatentha thupi, amakana kudya, nkhama zimayera, ndipo mkodzo umasanduka wofiira kapena wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Ofufuza anaonetsa kuti nthendayi ikakula imavulaza impso ndi mnofu wa mtima, ndi kuti galu amene impso zake zaima kawirikawiri sapulumuka. Mankhwala alipo, ndipo amagwira bwino galu akafika msanga kwa a zoona ziweto. Kuno ku Zambia, sukulu la adotolo a ziweto pa University of Zambia linayamba m'caka ca 1983, ndipo limachedwa ndi dzina la Samora Machel. Ena a inu mudzaphunzira kumeneko.

Pali cinthu cimodzi cimene ndikupemphani musacite, ngakhale mwa cifundo. Musampatse galu kapena mphaka mapiritsi a anthu. Ibuprofen amaononga impso zao, ndipo piritsi limodzi la paracetamol lingathe kupha mphaka.

Tsono nayi nchito yanu ya sabata lino. Ofufuza anapempha eni agalu m'maiko osiyanasiyana kuti aziwerenga kupuma kwa agalu ao ali m'tulo, ndipo anapeza kuti galu wathanzi wogona tulo sapitirira 30 pa mphindi imodzi. Galu wa mtima wodwala akayamba kupitirira 30 masiku otsatizana, ndiye kuti madzi ayamba kulowa m'mapapo, ngakhale masana akuoneka bwino. Inunso mungathe kuwerenga. Dikirani galu wa kwanu agone pa malo ozizira, khalani capatali osamkhudza, ndipo yang'anani nthiti zake. Kukwera ndi kutsika ndiko kumodzi. Cotsatira ndi madzi. Thirani madzi opimidwa ndi botolo la lita m'mbale yake m'mawa, ndipo mawa lake nthawi yomweyo mupime otsala. Galu wa makilogalamu 10 amamwa ngati theka la lita pa tsiku. Akamapitirira lita yathunthu tsiku ndi tsiku, kunja kusanatenthe ngati mwezi wa October, uzani akulu apite naye kukapimitsa. Galu wacilendo kapena wooneka wosokonezeka musamuyandikire konse, cifukwa ca ciwewe.

Aphunzitsi, jambulani pa bolodi mizere ya masiku asanu ndi awiri, ndipo mwana aliyense akopere m'kope lake. Pamwamba alembe dzina la galu, zaka zake ngati zidziwika, ndi ngati ali wamkulu thupi kapena wamng'ono. Amene kwao kulibe galu agwirizane ndi mnzao woyandikana naye. Lolemba likudzalo muike manambala onse pamodzi, ndipo ana apeze okha nambala ya pakatikati ya kalasi lonse.